Mizu yanga m'chakudya cha chipembere

Abale anga, ndingoulula. Chaka chatha ndinachoka kwathu ku Chisepo kukachezera mwana wanga Yohane, amene amadyetsa chipembere chachikazi chokhala mumpanda kumalo osungira nyama. Anandidandaulira kuti adokotala a zinyama akhala akuchibweretsera champhongo, kuchipima magazi ndi ndowe zomwe, koma bere osatenga.

Ine chifundo chinandigwira. Mkazi mnzanga! M'thumba ndinali ndi mizu imene timamwetsa mbuzi zosabereka. Yohane atapita kukatunga madzi, ndinaiphwanya pamwala n'kuwaza pamasamba amene chimadya.

M'mawa mwake chipembere chinatsegula m'mimba, mpanda wonse fungo lokhalokha. Adokotala anafika thukuta lili kamukamu.

"Iwe Yohane, wachipatsa chiyani? Chikafa, ntchito yako yatha!"

Mwana wanga analumbira mpaka misozi. Ine ndinali pomwepo, ndikumanga ndi kumasula duku, n'kunena kuti, "Kapena ndi mphepo, adokotala."

Mphepo! Munthu wa imvi ngati ine!

Chinachira, Yohane anapulumuka. Dzana anaimba foni kuti chatenga bere, ndipo onse akutamanda adokotala. Ndiye ndichite bwanji? Ndikadzitama, mwana wanga amuchotsa ntchito. Ndikakhala chete, pakamwa pakundiyabwa.