Katoni ya Pansi pa Tebulo la a Tepi

Tinkawatchula a Tepi chifukwa tepi yoyezera sinkachoka m'khosi mwawo, ngakhale popita kuchimbudzi. Anali kapitawo wathu pamalo osokera mayunifomu a sukulu. Makiyi anasunga zaka khumi ndi ziwiri.

Lamulo la abwana linali lakuti mwana asalowe. Koma nditabwerera kuntchito, wanga ali ndi miyezi itatu, wondilerera ndilibe, a Tepi anangokoka katoni pansi pa tebulo lodulirapo nsalu, n'kuyalamo zidutswa.

"Mugoneke umu. Ameneyu ndi wachisanu kukulira m'katonimu. Ndipo usamangoyang'ana pansi ngati wataya singano."

Tinali ndi kachitidwe kathu. Galimoto ya abwana ikaima panja, a Tepi ankagogoda tebulo ndi lumo, tonse n'kupalasa makina mwamphamvu kuti mwana akalira asamveke. Wopanda chosoka ankapalasa makina opanda ulusi.

Lolemba lina abwana analowa nkhope ili gwa. "Imitsani makina, ndilankhule."

Tinaimitsa. Mwana wanga anazolowera kugona m'phokoso, ndiye batalo ndi limene linamudzutsa. Analira.

"Mayi kapitawo, n'chiyani chimenecho?"

"Ndi telala wamawa, bwana."

Palibe anaseka.

"Muno muli masingano ndi simbi zamoto. Akapsa, wogwidwa ndine. Ndi wa ndani?"

Ine mkaka unali utanyowetsa kale bulauzi, moti sanafunsenso.

"Sankhani," anatero abwana. "Mayi wakeyu achoke lero, apo ayi makiyi abwere kuno."

Ndinkaona zala za a Tepi zikupinda tepi, kuifunyulula, kuipindanso. Nawonso akulera adzukulu atatu. Kenako anamasula makiyi m'chiuno n'kuwaika patebulo.

Ntchito ndikadali nayo. A Tepi tsopano amasoka mabatani pakona, kuseri kwa chitseko. Kapitawo watsopano anataya katoni ija tsiku lomwelo. Mwana ndimamusiya kutali kwa apongozi, ndipo botolo akulikana.

Dzulo ndinapita pakona paja kuti ndithokoze a Tepi.

"Ukufuna ulusi?" anandifunsa osadzutsa mutu. "Kapemphe kwa a makiyi, mwanawe. Ine ndine wa mabatani."

Mnzathu wosita anadutsa, dzanja lili pamsana. Mimba yake yafika miyezi isanu ndi iwiri. A Tepi anamuperekeza ndi maso, kenako anayang'ana pansi pa tebulo paja. Batani limene anali nalo m'manja analisoka malo olakwika, ndipo ndinawaona akulisomola.