Shapa zinayi za Ababa

Pali nkhani imene sindinauzepo munthu, ngakhale amuna anga. Ababa mpaka lero amakhulupirira kuti ana amene anadzaza pakhomo pathu Loweruka lina ku Moatize anabwera kudzawathandiza kumanga chisakasa chifukwa cha ulemu. Si choncho ayi. Ndinawaitana ndine, ndipo sanadzere ntchito.

Ndikukumbukira kuti tinasamuka ku Zóbuè ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, Ababa atapeza ntchito kumgodi wa malasha. Kwathu kumapiri mthunzi sitinkauganizira n'komwe, mitengo ya mango ndi mapeyala inali mbwee. Ku Moatize tinapeza nyumba yopanda mtengo ndi umodzi womwe. Masana mchenga unkawotcha kudutsa m'mapatapata, fumbi lakuda likumatirira pathukuta, ndipo Amayi ankatsuka mbale ataika nsalu yonyowa kumutu. Kusukulu nako anzanga ankayankhula Chinyungwe chothamanga, n'kumandiseka kuti ndine wakumapiri.

Tsiku lina ndinamva Ababa akuuza Amayi kuti, "Amake Feli, Loweruka ndikukagula shapa zinayi." Ine shapa imene ndinkaidziwa ndi minibasi, ngati ija inatinyamula pochoka ku Zóbuè. Zoti malatanso amatchedwa shapa sindinkazidziwa, poti kwathu tinkangoti malata. Zinayi! M'mawa mwake ndinalengeza kalasi yonse. Anifa, mtsikana amene ankatsogolera kundiseka, anandigawira malambe ake, n'kupempha kuti adzakhale kutsogolo. Ndinamulola. Enawo ndinawalonjeza ulendo wa ku Tete kukaona mlatho.

Loweruka anzangawo anafika ochuluka, ena atasamba n'kudzola mafuta. Tinandanda m'mbali mwa khoma kudikira kulira kwa injini. Amene anatulukira ndi Ababa, akukankha njinga, malata anayi omangidwa ndi mphira akuphepheluka.

"Feli, tathamanga udzagwire shapazi, zingagwe!"

Onse anandicheukira. Kenako Anifa anaseka mpaka kukhala pansi, ine makutu ali moto ndi manyazi. Koma Ababa, osadziwa kanthu, anangoona manja ambiri. "Ee, ana a kuno ndi aulemu chonchi? Bwerani, ananu!" Wina anapatsidwa nsanamira kuti agwire, wina misomali, ena chidebe kukatunga madzi. Amayi anakazinga mtedza, fungo lake n'kusakanikirana ndi la mitengo yosenda kumene. Dzuwa likupendeka chisakasa chinaima. Anifa anakokera njerwa kutsogolo, n'kukhalapo, nati, "Malo anga ndi ano, paja unalonjeza." Tonse tinakhala m'mizere kumbuyo kwake, wina akulira ngati injini, wina akuitanira, "Tete, Tete!" Palibe amene anandiulula.

Vuto linaoneka mawa lake masana. Malata aja anali otsika, ndipo pansi pake panali ngati mu uvuni. Nkhuku zinalowamo n'kutuluka milomo ili yasa. Ababa okha ndiwo anakakamira kukhalamo, thukuta likutsika m'khosi, akuti kamphepo kakumveka. Amayi sanawatsutse. Anatumiza mawu kwa amalume ku Zóbuè, ndipo patapita masiku mitolo ya udzu inabwera, padenga pa shapa yeniyeni. Anauyala pamwamba pa malata, kunsi n'kumangirira mphasa.

"Shapa zanu ndaziveka chipewa, bambo a Feli, zingapse ndi dzuwa."

Ababa anaseka mpaka kutsokomola. Kuyambira pamenepo panali pozizira bwino, ponunkhira udzu wa kwathu, ndipo tikaweruka kusukulu anzanga onse ankathera pamenepo.

Pano ndili ndi mwana wa miyezi isanu ndi iwiri, ndipo totupa ta kutentha tikamutuluka m'khosi mtima wanga sukhala m'malo. Ndinaganiza zomumangira chisakasa, koma masiku ano zofolera zachuluka: lona, neti wobiriwira wotchinga dzuwa, malata. Ine ndi setifiketi yanga ya kukolejiyi ndinadzaza pepala ndi zabwino ndi zoipa zake. Lona imang'ambika ndi mphepo, neti amalowetsa fumbi la malasha, udzu nawo ukusowa, ndiye ndinangosokonezeka. Mwezi watha Ababa anabwera, pepalalo sanaliyang'ane n'komwe. Anati nsanamira zitalike kuti mphepo izidutsa, malata pamwamba, chipewa chake chisaiwalike. Mwana tsopano amagona pamphasa masana onse, timanja ali tambasu.

Akukhoma misomali, Ababa anayamba kufotokozera amuna anga za ana aulemu a ku Moatize aja, maso akuwala, akuti anali atatsala pang'ono kubwerera ku Zóbuè, koma tsiku limenelo anadziwa kuti talandiridwa. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zoona, kenako ndinangowapatsira msomali wina.

Tandiuzeni anzanga, ndinachita bwino kukhala chete?