Zidina za Mkamwini

Senderani pafupi, ana inu, mawu anga masiku ano safika patali. Iwe wakhala pamtondo, tsika, ukhale pamphasa ngati anzako. Mukumva kafungo kakuchokera ku nyumba yakugwa ija kuseriku? Ndi mwaye umenewo, mwaye wa denga la udzu ukanyowa ndi mvula. Inu mukuti n'kununkha chabe. Ine ndikaumva ndimabwerera ku chaka chimene ndinali kamtsikana kongoyamba kusenza ndowa, mano akutsogolo atangomera kumene.

Chaka chimenecho mvula inagwa masiku ambiri osapumira, ndi mphepo yozula nthochi. Akuluakulu ankati napolo wadutsa m'phiri. Nyumba yathu inagwa m'mawa. Mwayi wake tonse tinali panja, ine ndi amayi, khanda lili kumbuyo, titapita kukapala moto kwa anganga, abambo akutsegula ngalande. Nyumbayo sinaphokose n'komwe. Khoma lakumtunda linangogwada ngati ng'ombe yotopa, denga n'kutsatira, kenako madzi ofiira anayamba kutuluka pakhomo atasenza lichero la amayi. Kusukulu ya mishoni denga linauluka, makoma n'kugwa. M'mbumba mwathu monse nyumba imene inatsala chiimire inali imodzi, ya anganga, mayi wawo wa amayi anga. Khitchini yawo inapita, nkhokwe inapita, koma kanyumbako kanakana.

Apa m'pamene panagona vuto. Abambo anga, a Juwawo, anali mkamwini. Kwawo kunali kuseri kwa Goliati. Kuno anabwera kudzakwatira, ndipo malo, nthochi, ngakhale chulu cha kuseri kwa nyumba, zonse zinali za kuchikazi. Ndiye masiku amenewo mkamwini ndi apongozi ake aakazi sankaonana m'maso. Akakumana panjira, wina ankapatukira kutchire. Kudyera pamodzi ayi, kugona denga limodzi ndiye n'kosatchula. Sikunali kudana, unali ulemu. Amayi, ine ndi khanda lathu Malita tinalowa mwa anganga. Abambo anaima pabwalo, mvula ikuwatsikira m'khosi, akuyang'ana kumbali.

Anganga anadzifunda chitenje kumutu, natembenukira kukhoma, n'kundituma. Mawu awo onse kwa mkamwini ankadzera mwa ine. "Kawauze apongoziwo kuti ine ndikagona pansi pa nthochi, iwo alowe." Ndinatuluka kukanena zimene abambo anali atamva kale ndi makutu awo. Anaseka pang'ono. "Kawauze kuti nthochizo zagwa zonse. Ndiponso anthu angati chiyani, mkamwini watulutsa mwini nyumba?"

Abambo anayesa kumanga chisakasa cha masamba a nthochi. Tinagonamo masiku atatu, Malita n'kuyamba chifuwa chokoka, amayi n'kubwerera naye kwa anganga. Nyumba yamitengo sikanatheka. Mitengo yonse yowongoka inali bulugamu wa esiteti ya tiyi, wolonderedwa ndi alonda a zibonga, ndipo udzu wofolera unali udakali wauwisi. Abambo anakulunga bulangete lawo napita kukapempha pogona kwa anzawo kukomponi, nyumba za antchito za pa esiteti paja. Anati n'zamasabata awiri.

Paja nthawi ya mvula ndiyo nthawi ya tiyi. Masamba amaphuka ngati akuthamangitsidwa, ndipo kapitawo samva zoti nyumba yagwa. Ukajomba, dengu lako amapatsa wina. Choncho abambo ankathyola tiyi kuyambira Lolemba mpaka Loweruka, Lamulungu n'kubwera kwathu m'mamawa, chikombole choumbira njerwa paphewa. Kutchalitchi anasiya. Ankagumula chulu ndi khasu, ife n'kumatunga madzi, iwo n'kumaponda dothilo mpaka m'mawondo. Ndikukumbukira kulira kwa dothi potuluka m'chikombole, kuti thapu, ndi mizere ya zidina, njerwa zosawotcha zija, zikunyezimira pabwalo ngati mikate. Zala zawo zinali zong'aluka kale ndi tiyi, ndipo dothi lofiira linkalowa m'ming'alumo osatulukanso. Dzuwa likapendeka anganga ankaika mbale ya nyemba za kalongonda pachitsa, iwo n'kukabisala kuseri kuti mkamwini adye momasuka.

Ntchito yanga inali kulondera kumwamba. Mtambo ukada cha ku Mulanje, ndinkathamanga ndi masamba a nthochi kukafunditsa zidina. Koma mvula ya chaka chimenecho sinkagwa kuchokera kumwamba kokha, inkabweranso chokwawa pansi. Zoyamba zinasungunuka zonse, kusanduka phala. Zachiwiri chimodzimodzi. Lamulungu abambo ankafika, n'kuima, n'kukanda m'mutu, kenako n'kukokolola phalalo ndi khasu kulibwezera m'dzenje. "Dothi silithawa, Esitere," ankatero. "Tiliumbanso." Sanandikalipire ngakhale kamodzi, ndipo zimenezo zinkandiwawa kuposa ndodo.

Chimanga chitayamba kuuma m'minda, dzuwa linatikumbukira. Zidina zinauma, zinayera, ukazigogoda zinkayankha. Abambo anazisanja mulu wautali kundiposa, nayeza malo a nyumba ndi chingwe cha khonje, nakhoma zikhomo m'makona. Anandiimika pakati nati, "Apa m'pogona iwe ndi Malita. Ukamakodza pamphasa tidzakutulutsira pawindo ili." Windo lake linali mphepo chabe, koma ndinaliona. Amayi tsiku limenelo anaimba akusinja. Chulu chinali chitatha, patangotsala dzenje la achule, koma zinalibe kanthu. Lamulungu lotsatira kunali kuyamba khoma.

Lachitatu kunabwera a komiti ya sukulu ndi aphunzitsi atsopano, bambo wochokera kutali, wa nsapato zakuda. Anati a mishoni atumiza malata, koma akhoma pokhapokha makoma ataima, ndiye mbumba iliyonse ipereke zidina zoti zikawotchedwe mu uvuni umodzi. Mbumba zina zinali zitapereka kale. Woyankhira mbumba yathu anali atsibweni, a Naphiyo, mlongo wawo wa amayi. Sanali munthu woipa. Nawonso nyumba yawo kuchikamwini kwawo inali itagwa, ndipo ankaopa manyazi kuti dzina lathu litchulidwe m'tchalitchi pakati pa osapereka. Anayang'ana uku ndi uku, maso n'kugwera pamulu uja.

Amayi anagwada. "Achimwene, izi n'za nyumba. Dikirani eni ake abwere Lamulungu."

"Eni ake ndani, achemwali? Chulu n'cha amayi athu. Alamuwo anabwera ndi chikombole chokha. Adzaumba zina, si amuna?"

Anganga anatsegula pakamwa, koma aphunzitsi anali atayamba kale kuthokoza, ndipo kubweza mawu a mwana wawo wamwamuna pamaso pa alendo sakanatha. Analowa m'nyumba.

Tsono imvani zimene ndinachita ine. Ana a sukulu anabwera pamzere, nkhata pamutu, akuimba. Ine sukulu ndinali ndisanapondeko, ndipo ndinkaisirira ngati nyama ya pa Khirisimasi. Nditaona mzerewo ndinapota nkhata yanga n'kulowa pakati pawo. Ndinkasenza ziwiriziwiri, kudutsa m'kanjira ka m'tiyi, mame akundinyowetsa mpaka m'chiuno, ndikuimba mokweza kuposa onse nyimbo imene sindinkaidziwa. Aphunzitsi anandisisita m'mutu nati, "Mtsikana wamphamvu uyu." Ndinabwerera kambirimbiri, mpaka pabwalo panatsala zikhomo ndi chingwe basi.

Lamulungu abambo anafika ndi mpeni womangira wobwereka. Ndinawathamangira ndisanaone nkhope ya amayi. "Ababa, zidina zapita kusukulu! Inenso ndasenza nawo, aphunzitsi anditama!" Anandiyang'ana. Kenako anayenda mozungulira chingwe chija, osachidumpha, ngati panali khoma lenileni, nakaima pamene panayenera kukhala khomo. "Wachita bwino, mama," anatero. Anakhala pachitsa mpaka dzuwa kupendeka, mbale ya kalongonda osaivundukula. Anganga, ali kuseri, anandikoka mkono n'kunong'ona, "Kawauze apongoziwo kuti..." n'kulekera pomwepo. Ndinadikira mawu otsala, sanabwere. Ndinapitabe, ndinagwada, ndinati, "Anganga akuti." Abambo anagwedeza mutu ngati amva zonse.

Kenako chiperoni chinatsika, kamvula ka nkhungu kaja kosalola kanthu kuuma. Chulu china panalibe. Kupitirira malire athu kunali tiyi yekhayekha, wobiriwira mpaka polekezera maso, ndipo m'tiyi simukumbidwa. Abambo anayamba kudumpha Lamulungu limodzi, kenako awiri. Mlandu sunakhalepo, ankhoswe sanaitanidwe, palibe ananena kuti banja latha. Chingwe chinaola, zikhomo zinadyedwa ndi chiswe, amayi anadzalapo nandolo.

A Juwawo anakalambira kukomponi, kumene mayi wina wothyola tiyi anayamba kuwaphikira. Abambowo ndinkakumana nawo pamsika ku Luchenza, n'kumandifunsa za Malita akuyang'ana pansi. Anamwalirira m'nyumba ya kampani, yawo osaimanganso. Amayi sanakwatiwenso, anagona mwa anganga mpaka anganga kumwalira, kanyumba kaja n'kukhala kawo. Atsibweni anadzakhala mkulu wa mpingo. Aphunzitsi anasamutsidwa malata atangokhomedwa. Malita anachira, anaphunzira pasukulu imene ija, ndiye amene amandiwerengera zolemba za kuchipatala. Ine ndinatsalira kulera ndi kulima. M'kalasi ndinalowamo koyamba ndili ndi imvi, tikuthawa namondwe wa posachedwapa.

Ndili mwana ndinkati abambo ndinawathamangitsa ndine, ndi nkhata yanga. Nditakula ndinafunafuna wina woti ndimusenzetse mlanduwo, kaya atsibweni, kaya aphunzitsi, kaya kapitawo. Sindinamupeze. Aliyense anachita zimene ulemu unamuuza, ndipo sukulu inkafunikadi denga. Kungoti munthu akagona kunja kwa mudzi nthawi yaitali, kumene akugonako n'kumene kumasanduka kwawo.