Penti wa ku Joni pa khoma la mtsiro

Chimene chinandichotsa kwathu ku Nsaru ndi mawu a alamu anga, ngakhale njala nayo inalipo. Tinali pa bawo tsiku la msika, ndiye iwo poseka anati akamwini a masiku ano akumamanga nyumba ngati chigafa cha fodya. Dzina sanatchule, koma pamudzi wa akazi anga nyumba ya zidina yofolera ndi udzu inali yanga yokha. Ine mtima wanga ndi wapachala. Sukulu yomwe ndinaisiyira mu sitandade sikisi chifukwa chokankhana ndi aphunzitsi. Ndinagubuduza bawo lija, n’kukamuuza mkazi wanga Nabanda kuti ndikupita ku Joni, ndikadzabwera anthu azidzaima pamsewu kuonerera nyumba yathu. Iye ankayamwitsa mwana wathu Tadala. Anangofunsa kuti nanga munda alima ndani. Ndinagulitsa njinga ndi mbuzi zimene bambo anga anandisiyira, mwezi usanathe ndinali m’basi.

Ntchito anandipezera mnyamata wa ku Kabudula, kwa bwana wina wokonza m’nyumba za anthu. Kumeneko ndi kumene ndinadziwa kuti padziko pano pali anthu amene amatopa ndi mtundu wa khoma. Khoma labwinobwino, lopanda mng’alu, akuti lawatopetsa m’maso. Ife timafika, kukwecha, kupaka wina. Makabati a kukhitchini timachotsa zitseko ndi zogwirira, kuzikwecha ndi sanipepala mpaka zisiye kunyezimira, kupaka penti woyamba woti winayo agwire, kenaka kupaka mopyapyala kawiri. Ukapaka mochindikala kuti uthane nazo msanga, penti amalira misozi, bwana n’kukulalatira. Chipinda chaching’ono amati chipakidwe mtundu wowala kuti chioneke chotakasuka. Chaka chimenecho aliyense ankafuna mtundu wotuwa ngati phulusa, akuti ndiwo wa anthu ozindikira. Zonsezi ndinaziloweza kuposa mmene ndinkalowezera za kusukulu.

Nyumba ina tinakakonza chipinda chochapiramo zovala. Chipinda chathunthu, cha zovala zakuda zokha. Tinaika mashelefu pamwamba pa makina ochapira, ndodo yopachikapo malaya, kabati ya sopo, khoma n’kulipaka penti wosaopa chinyontho. Mayi wa nyumbayo atatuluka ndinachiyeza ndi mapazi, n’kupeza kuti chikuposa chipinda chimene ndinkagona ndi Nabanda. Tsiku lonselo ndinakhala wokwiya osadziwa kuti ndakwiyira ndani. Madzulo timabwerera kukachipinda ka malata komwe timagona anyamata ambirimbiri, aliyense atatembenukira ku foni yake. Chichewa chinalipo chambiri mmenemo, koma munthu womuuza zakukhosi ndinalibe.

Poyamba ndalama ndinkatumiza, ndipo Nabanda anagula malata n’kufoletsa nyumba. Za njerwa zowotcha ndi simenti sizinakwane. Kenaka mapepala anga okhalira m’dzikomo anatha, ntchito inayamba kubwera mwa apo ndi apo, lendi osadikira. Mauthenga ankabwera kudzera pa foni ya alamu anga omwe aja. Tadala wayamba kuyenda. Tadala anadwala malungo koma wachira. Feteleza wakwera. Ndinkawerenga n’kuika foni m’thumba, chifukwa munthu ungayankhe chiyani ulibe choti utumize, komanso ukudziwa kuti woyamba kuwerenga yankho lako ndi amene anakuseka? Ndinakhala chete dzinja lina lonse, chilimwe chake, n’kulowa dzinja linanso. Mapeto ake ndinamutukwana bwana uja pa nkhani ya malipiro, iye n’kundilozera zigubu za penti wotuwa wotsala kuti nditenge zimenezo ndizipita. Ndizo ndinabwera nazo, pamodzi ndi chikwama cha zovala ndi zogwirira za kabati zonyezimira zimene ndinatola pa zotayidwa.

Ndinafika nthawi ya fumbi. Nyumba ndinaipeza yotsutsuta kumene: m’munsi mwakuda bii ndi dothi la kudambo, pamwamba pofiira, m’mbali mwa mazenera moyera, pakhomo atajambula maluwa ndi chala. Wakabaza amene ananditenga anati pamudzipo palibe nyumba yosamalika ngati imeneyo. Ine ndinangoona matope. Maso anga anali akadali m’makhitchini a eni ake. Nabanda anandilandira mwaulemu, anandiphera nkhuku, za kukhala chete kwanga sanafunse. Tadala ankabisala kumbuyo kwa chitenje cha mayi ake.

M’mawa mwake iye atapita kuchigayo, ndinatenga chitsulo n’kuyamba kupala khoma lakumaso. Pobwera anapeza maluwa aja ali pansi.

“Bambo a Tadala, kodi mukutani?”

“Ndikuchotsa dothili. Munthu wochokera ku Joni sangagone m’chisa cha namzeze.”

Anatula ufa n’kunena motsitsa mawu kuti penti sagwira pa zidina, ndipo ndikapala m’munsimo mvula idzadya khoma. Akanakhala munthu wina ndikanamva, popeza ngakhale bwana uja sankalola kupaka pakhoma lofumbutuka. Koma anthu anali atayamba kuima pamsewu, alamu anga ali pomwepo manja m’thumba. Ndinakweza mawu. Ndinati adziwa chiyani za nyumba munthu woti ku Lilongwe komwe amapita kukadwazika matenda basi. Ndinati zaka zonsezi ine ndikuvutika kunja, iye amangosewera ndi matope ngati mwana. Apongozi anga aakazi anamva ali pakhonde pawo. Nabanda analowa m’nyumba, anatenga mwana ndi zovala zochepa, n’kupita kwa mayi ake, mtunda woti ukaitana amamva.

Ndinapaka ndekha. Khoma linamwa penti ngati mchenga, moti anathera pakati pa khoma lachitatu. Kakabati kamene Nabanda anagula atagulitsa mtedza ndinakapakanso ndi zotsalira za m’chigubu, n’kukhomerapo zogwirira zija, chitseko chimodzi mpaka kung’aluka. Amayi a pamjigo ankati mkamwini wa ku Joni wadzimangira chiliza akadali moyo. Mvula yoyamba itagwa penti anatupa matuza, n’kuyamba kusendeka pamodzi ndi dothi. M’munsi mmene ndinapala madzi odontha kumalata anayamba kukumba zidina, chala n’kumalowa.

Ndi nthawi imeneyo pamene amalume anga, omwe ndi ankhoswe a ukwati wathu, anabwera pa njinga kuchokera ku Nambuma. Anazungulira nyumba yonse, kenaka anakhala pakhonde n’kundiuza zimene palibe anali atandiuza. Anati nthawi imene ndinali chete ija, akuchikazi anawaitana kangapo. Akuchikaziwo ankati mwana wawo sangakhale ngati wamasiye mwamuna ali moyo, ukwati uthe, Nabanda abwerere kwa mayi ake, nyumbayo alowemo mng’ono wake amene ankayembekezera kukwatiwa. Amalume analibe chonditetezera nacho, pakuti iwonso sankadziwa ngati ndili moyo. Nabanda pamaso pa akuluakulu sankatsutsa. Koma tsiku lokambirana likayandikira, ankalawirira kudambo ndi ndowa, ankhoswe pofika n’kupeza pansi pozira, makoma akadali onyowa. Akuluakulu ankayang’ana khomalo n’kunena kuti mkazi amene akutsutsuta nyumba ndiye kuti sanaisiye, tiyeni tidikire kaye.

“Mkazi wako uja pakamwa pake sanakuyankhulireko ngakhale kamodzi,” anatero amalume. “Ankayankha ndi khomali. Ndiye iwe wabwera, wapala yankho lake lonse anthu akuona, eti?”

Ndinafuna kukwiya monga mwa nthawi zonse, koma panalibe womukwiyira. Iwo anati akuchikazi ayitananso, ndipo ulendo uno sakudziwa kuti akanena chiyani.

Kutsutsuta ndi ntchito ya amayi, mwamuna sagwira. Komabe ndinatenga khasu ndi thumba n’kupita kudambo, amayi ochapa kumeneko akundifunsa ngati ku Joni amuna amavalanso chitenje. Ndinakumba dothi lakuda limene ndinaliona, ndinalikanda, n’kumata khoma lakuseri kumene anthu saona. Litauma linang’ambika ngati chidendene. Nabanda podutsa popita kumunda anaima patali, analiyang’ana, n’kunena kuti limenelo ndi dothi loumbira njerwa. Anati mtsiro weniweni uli kumunsi kwa dimba la mayi ake, ndikapemphe ndekha. Anawonjezera kuti ngakhale ndiupeze, palibe amene amatsutsuta mvula ili mkati.

Ndinapita kwa apongozi. Ndinanjuta patali chipewa chili m’manja, monga ayenera mkamwini, ndipo anandisiya pomwepo mpaka miyendo kuchita dzanzi asanandilole. Mtsiro ndinaututa n’kuuwunjika pakhonde, ndinaufunditsa masaka. Dzinja lonselo ndinagona ndekha m’nyumba yosendeka, m’munsi mwa makoma nditatchinga ndi udzu kuti asagwe. M’mawa ndinkapita kumunda wa Nabanda osaitanidwa. Tinkapalira mizere yoyandikana, nkhani zathu zili za mbozi ndi feteleza basi. Tadala anayamba kundilola kumunyamula. Za kubwerera kunyumba ndinafunsa kamodzi, iye anati tidzaona mvula ikatha. Ankhoswe anakumana, anagwirizana zodikira, ine osaitanidwa n’komwe.

Ku Joni ndinkaganiza kuti kwathu anthu sadziwa kukongoletsa nyumba chifukwa alibe ndalama. Sindinkadziwa kuti pamudzi khoma amaliwerenga, ndipo aliyense wodutsa ankadziwa za banja langa kuposa ine mwini wake.

Titakolola chimanga, tsiku lina ndikuchokera kokadula mapesi ndinapeza masaka aja atachotsedwa. Ndinazungulira kuseri. Khoma lonse linali lonyowa, lakuda m’munsi, lofiira pamwamba, mizere ya zala ikuoneka. La m’mbali nalonso anali ataliyamba. Nabanda anali chogwada pafupi ndi ndowa, matope mpaka m’zigongono, Tadala akumata pake pamene msinkhu wake ukufika. Mphasa yawo yogonapo ndinaiona itatsamira pachitseko. Ndinangofunsa kuti nanga khoma lakumaso, lija lotuwa lamatuza, alitsutsuta liti.

Sanatembenuke n’komwe.

“Limenelo likhale choncho kaye mpaka chaka chamawa,” anatero. “Anthu aonereko za ku Joni.”