Bere la Esinati lachokera kumsana

Ana anga, tamvani za lerozi.

Mdzukulu wanga Esinati watsika minibasi pa Nkando masana ano kuchokera ku Blantyre, kumene anakamudula bere chifukwa cha khansa. Koma wabwera nawo mabere onse awiri!

Ndamukokera kuchipinda. "Iwe, nyama imeneyi ndi ya ndani? Sanakuike ya munthu wakufa?"

Waseka. "Agogo inunso! Ndi yanga yomwe. Anatenga mnofu wa kumsana kwangaku, n'kuudutsitsa m'khwapa, n'kuumba bere."

Ine zongouzidwa ayi, ndamuvulitsa bulauzi. Kumsana kulidi chipsera chachitali. Ndiye iye pokoka chitseko, berelo lagwedezeka lokha, ndaona ndi maso angawa! Akuti mnofuwo sunaiwale ntchito yake yakale.

Tsono akufuna kubwerera kukathyola tiyi Lolemba, kuopa kumulanda nyumba ya kampani. Dengu la tiyilo amaliberekera pachipsera pomwepo. Akuti adokotala anavomera, koma ine kunalibeko.

Inu a m'tauni, munamvapo msana wochotsedwa mnofu ukunyamulabe dengu? Timulole? Chikwama chake ndachitsekera m'kabati, kiyi ali m'chiuno mwangamu mpaka muyankhe.