Kalata Yofunsira Mbeta Yopakidwa Mizere Yakuda

Sukulu ndinaisiyira mu Fomu 3, ndipo musandifunse chifukwa. Chomwe ndinatulukako nacho ndi zala zodziwa kutaipa basi. Zalazo zinandipezera mpando pa kaofesi kena ka ma ajenti owombola katundu pa malire a Mwanza, pomwe ndinkaswera ndikulembera mapepala madalaivala onunkha dizilo.

Chaka china mabwana a ku Blantyre anatiikira pulogalamu m'kompyuta. Imelo iliyonse yotuluka inkayamba yaiwerenga. Ikapezamo dzina la munthu, nambala ya foni, ya pasipoti, kapena mudzi, inkapakapo mzere wakuda. Ati kuteteza zinsinsi za makasitomala. Kuizimitsa sitinkatha.

Masiku omwewo achimwene anga anapeza mbeta kwa Kanduku. Vuto linali lakuti malume ake a mtsikanayo, eni mbumba, ankagwira ntchito ku Joni, ndipo ananeneratu kuti za ukwati sakamba pa foni ngati akuitanitsa thumba la makala. Ankafuna kalata yochokera kwa malume athu, yonena bwinobwino kuti mnyamatayo ndani, ngwa kwa yani. Popanda kalatayo panalibe ukwati, komanso mphunzitsi wina anali atayamba kale kuzungulira pakhomopo ndi njinga yamoto.

Malume athuwo anapalasa njinga kuchokera kwa Nthache atavala jekete, dzuwa likuswa mtengo. Anakhala pambali panga n'kuyamba kutchula dzina lawo, la achimwene, la malemu bambo, la agogo, mfunda, mudzi. Ndinataipa n'kutumiza. Za pulogalamu ija ndinali nditaiwala.

Patapita masiku awiri yankho linabwera, kalata yathu ili m'munsi mwake, mizeremizere ngati mbidzi. Ine ndine, mzere, malume ake a, mzere, mwana wa malemu, mzere. A ku Joniwo sanachulutse mawu. Anati mwamuna wobisa dzina ndiye kuti ali ndi mkazi wina, apo ayi akufunidwa ndi apolisi, choncho tiwauze choona pa ziwirizi.

Achimwene anakhala pansi penipeni, pasimenti.

"Iwe wafufuta dala," anatero.

"Ndikanafuna kukuwonongerani ukwati, achimwene, ndikanangolemba zoona," ndinawayankha.

Malume anaitanidwanso, ndi jekete lomwe lija. Anayang'anitsitsa kompyutayo nthawi yaitali ngati mbuzi yomwe akuikayikira kuti ikudwala.

"Kodi chinthuchi chimadana ndi chiyani kwenikweni?" anandifunsa.

"Mayina, malume. Manambala. Midzi."

"Basi? Ndiye n'chopusa. Kumudzi ndani amadziwika ndi dzina? Lemba."

Ndinaika zala.

"Ine ndine uja ndinathamangitsidwa ndi nkhumba pa ukwati wa mwana wa abusa, n'kukwera mumtengo wa papaya, mtengowo n'kuthyoka. Mlamu wanga malemu ndi uja anapita tsidya la malire kukagula shuga, n'kubwerako patatha zaka zitatu ali ndi wailesi, shuga alibe. Mlongo wanga ndi uja amayimba kwaya patsogolo pa anzake onse ndi mzere umodzi. Mnyamatayo ndi mwana wake woyamba, uja ankanyowetsa mphasa mpaka Sitandade 6."

"Malume, chomalizacho ayi," anadandaula achimwene.

"Ukufuna mkazi kapena ukufuna ulemu?"

"Zonse."

"Sungakwanitse. Iwe, tumiza."

Ndinatumiza, kenako ndinatsegula kuti ndione chomwe pulogalamu yachita. Sinapake ngakhale kadontho. Manyazi onse a banja lathu anawoloka malire atatu ali mbulanda, chinthu choteteza zinsinsi chili phee, chokhutira kuti mulibe nambala ya foni.

Yankho linafika tisanaweruke. Ndinawawerengera onse awiri mokweza, pamaso pa madalaivala atatu amene anakana kutuluka.

"Nkhumba ija inali ya bambo anga, ndipo papayayo sitinamuiwale. Banja lanu ndikulidziwa tsopano. Nzeru ndi zapakatikati, koma simuba. Pitani Loweruka mukaonane ndi mng'ono wanga, ndamutumizira kalata yanu kuti akawerengere abale."

Mng'ono wawoyo anawawerengeradi, yonse, mtsikanayo ali pomwepo. Akuti iyeyo anaseka mpaka kutuluka panja, koma atabwerera anavomera. Ukwati unachitika chaka chomwecho. Achimwene sanawakwiyire malume n'komwe. Anakwiyira ine wotaipa, ndipo anatha miyezi iwiri osandipatsa moni.