Nsompho Imene a Luciano Adaithyola Okha

A Luciano adafika ku Makanjira mu 1987 pothawa nkhondo ya ku Mozambiki, atatsogoza mkazi wawo, mayi Ines, m'thumba muli mutu wa nyundo basi. Anali mmisiri wosula zitsulo. Adawalandira ndi Che Jaffalie, mkulu wosema mabwato, amene adawapatsa malo pansi pa mtengo wa mango kuti aikepo mvukuto.

A Luciano anali ndi kakhalidwe kawo koseketsa. Akasula khasu, ankadulako kachidutswa, n'kukathyola, n'kumakayang'anitsitsa ngati mayi wosankha mpunga. Ankati chitsulo chili ndi timbewu mkati: tikakhala tosalala ngati ufa ndiye kuti ncholimba, koma tikakula ngati mchere wamiyala chidzathyoka ndithu. Anthu ankanong'onezana kuti nkhondo idawasokoneza mutu. Iwo ankangoseka, poti ankadziwa kuti mlendo akanamiza munthu mmodzi, mudzi wonse umamutsekera zitseko. Chuma chawo chokha chinali dzina labwino.

Tsiku lina Che Jaffalie adapempha nsompho yosemera bwato. A Luciano atangoika sipuling'i ya lole pamoto, kudamveka kuti galimoto ya chakudya cha othawa nkhondo yafika. Njala ilibe ulemu. Adathamangira kumzere, mvukuto n'kusiyira mayi Ines. Mayiwo, mwa chikondi chawo, adavukuta ndi mtima wonse mpaka chitsulo chidayera mbee, chikuthetheka.

Atabwerako adasula nsompho yokongola zedi, ndipo Che Jaffalie adainyamula isadazizire n'komwe. Pambuyo pake m'pamene a Luciano adathyola kachidutswa kamene adadulako posula. Mkati munali mchere wokhawokha. Mtima udawawawa, koma mkazi wawo sadamukalipire.

Akadangokhala chete, ndani akadadziwa? Koma adatenga nyundo n'kutsikira kugombe, kumene Che Jaffalie ankaonetsa asodzi chida chawo chatsopano.

"Che Jaffalie, tandibwerekani nsomphoyo."

Adaiika pamwala, nyundo kamodzi kokha, phwa! Pakati.

"Subhanallah! Achimwene, mwapenga kodi?" adakuwa Che Jaffalie.

"Taonani mkatimu, bambo. Idapsa mopitirira. Ikadakuthyokerani pamwendo. Mundipatse masiku atatu."

Asodzi adaseka mpaka kugwira nthiti. Che Jaffalie sadaseke. Adatola chidutswa chimodzi n'kuchoka osatsanzika.

Yachiwiriyo a Luciano adaisamala ngati khanda. Adaitenthetsa pang'onopang'ono n'kuisiya izizire pamphepo katatu, adaiviika mu oilo wakale wa injini, kenako n'kuifunditsanso mpaka idaoneka ngati udzu wouma. Nsompho imeneyo idasema mabwato asanu ndi anayi osabenthuka.

Mu 1994, nkhondo itatha, malole adabwera kudzatenga anthu obwerera kwawo. A Luciano ankamanga katundu mwaulesi, chifukwa kwawoko kunalibenso wowadikira, komanso kuno palibe adawauza kuti akhale. Ali mkati momanga adafika Che Jaffalie, napisa dzanja m'thumba la mkanjo, n'kutulutsa chidutswa chija, chitachita dzimbiri.

"Achimwene, ulendo wa kuti? Munda uli kuseri kwa mangowu ndi wanu. Tsiku lija mudati tione mkati mwa chitsulo, koma ife tidaona mkati mwa inu."

A Luciano adayang'ana mayi Ines, misozi ili lengelenge. Kenako adawerama n'kuyamba kumasula chingwe.